Wa lendi wa zaka 12 si mlendo

Tsiku lachiwiri la holide ya Khirisimasi amalume anabwera kunyumba ndi pepala. Anali atalemba kale pamanja, ndipo chomwe ankafuna kwa ine, poti ndine "wa ku yunivesite", chinali choti ndiliike m'Chingerezi kuti lizioneka loopsa. Pepalalo linali notisi yopita kwa a telala omwe amachita lendi chipinda chimodzi pa mdadada wathu pa msika wa Chiwamba. Linkati kuyambira pa 1 Febuluwale lendi ichoka pa K15,000 kufika pa K40,000 pamwezi, ndipo ngati sakwanitsa abweze makiyi.

Ndinakana kulemba. Amalume anandiyang'ana ngati mwana wotukwana pamaliro, amayi analowa m'khitchini, nkhani inathera pomwepo tsiku limenelo. Koma sinathe mumtima mwanga, n'chifukwa chake ndayibweretsa pano.

Ndinene poyambirira kuti pankhaniyi ndili ndi mbali. Mdadadawo, wa zipinda zinayi, anamanga ndi malemu bambo anga ndi ndalama za fodya wa 2012. Chimwalirireni iwo mu 2018, lendi ya zipindazo ndiyo imagula sopo ndi mchere pakhomo, ndipo ndiyo imawonjezera pa ngongole ya upkeep kuti ine ndisagone ndi njala ku Zomba. Lendi ikakwera, foni yanga ndi imene imalira uthenga wa Airtel Money. Choncho pasapezeke wina wonena kuti ndikugawa za eni. Ndikukana ndalama imene ikanabwera m'thumba mwanga.

A telala amenewa analowa m'chipindacho mu 2013, pansi pali dothi lokhalokha. Simenti yapansi anathira ndi iwo. Zitsulo za pawindo anaika ndi iwo akuba atathyola kwa aneba. Chitseko chitadyedwa ndi chiswe anakhomera china osafunsa munthu ndalama. Yunifolomu yanga ya Fomu 1 anasoka ndi iwo, ndipo ndikukumbukira kuti amayi anamaliza kulipira teremu itatha kale. Bambo atamwalira anatseka shopu masiku atatu, anagona pasiwa ngati mbale, ngakhale kwawo ndi ku Dowa. Pa zaka 12 zonsezi sanathawepo ndi lendi. Kuchedwa amachedwa, makamaka miyezi ya dzinja, koma amabwera okha kudzanena tsiku limene apereke, ndipo tsikulo likakwana amapereka.

Nanga K40,000 yachokera kuti? Yachokera kwa mnyamata wina wogula soya ndi mtedza amene wauza amalume kuti malowo ndi abwino kuikapo sikelo, ndipo iye angathe kumapereka ndalama imeneyo. Basi. Palibe amene anakhala pansi kuwerengera mtengo wa malata kapena wa laimu. Munthu wina wangotchula mtengo wokwera, ndipo chipinda chagwera iye, monga amachitira mabelo a fodya ku okushoni ya ku Kanengo. Chimene ndikutsutsa ndi chimenechi.

Ndisanapitirire, amalume ndiwapatse zawo, chifukwa si munthu woipa ndipo masamu awo si a misala. Lendi ya K15,000 inaikidwa kumayambiriro kwa 2022. Mu Meyi chaka chomwecho Reserve Bank inagwetsa kwacha ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inaigwetsanso ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Mu 2024 kukwera kwa mitengo ya zinthu kunapitirira 30 peresenti, ndipo chaka chomwecho ng'amba ya El Niño inachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Kumayambiriro kwa 2025 thumba la chimanga linakhudza K100,000 m'madera ena. Feteleza amene opindula ndi AIP ankagula pa K4,495 mu 2020, m'sitolo anadutsa K100,000. Ngakhale boma lenilenilo linavomereza kuti ndalama yatha mphamvu: malipiro otsikitsitsa anachoka pa K50,000 kufika pa K90,000 mu Febuluwale 2024, kenako K126,000 mu 2025. Pamene zonsezi zimachitika, lendi ya a telala inangokhala pomwe inali. K15,000 imene amayi amalandira lero sigula ngakhale theka la zomwe inkagula tsiku lomwe anagwirizana. Mayi wamasiye wakhala akuchotsera munthu lendi mwezi ndi mwezi popanda womuthokoza, ndipo mwina iye mwini osadziwa.

Ndiye lendi iyenera kukwera. Amene akuyembekeza kuti ndinena kuti landilodi aliyense ndi mfiti atseke tsambali. Ambiri mwa eni nyumba a pa Chiwamba, pa Nsaru, pa Kabudula kapena pa Nambuma si mabwana a ku Area 43. Ndi aphunzitsi opuma ntchito omwe anaika ndalama yawo yonse ya penshoni m'njerwa, ndi amayi amasiye, ndi alimi omwe chaka china fodya anawakomera. Mdadada ndiye penshoni yawo. Kuwauza kuti asakweze konse n'kuwauza kuti akalambe ndi njala kuti ife tioneke achifundo.

Chimene ndikukana ndi kakwezedwe kake, ndipo ndili ndi zifukwa.

Choyamba ndi mawu akuti "zinthu zakwera". Mawuwa asanduka kiyi wotsegula chitseko chilichonse. Wa kabaza, wa chigayo, wogulitsa tomato wa kudimba kwake, aliyense ndi omwewo. Ena akunena zoona, chifukwa katundu wawo amadalira mafuta ndi dola. Koma tafunsani: m'chipinda cha a telala, chakwera n'chiyani? Njerwa zinawotchedwa mu 2012 ndi dothi la kuseri kwa nyumba. Malata anakhomedwa kwacha isanagwe kawiri konseko. Palibe ngongole ya kubanki imene tikubweza pa nyumbayo. Chakwera ndi moyo wa mwini nyumba, ndipo chimenecho n'chifukwa chomveka chopemphera ndalama yowonjezera. Koma moyo womwewo wakweranso kwa wa lendi. Ulusi, zipi, mabatani, singano ndi mafuta a makina, zonse zimachokera kunja. Kaunjika anawalanda kale theka la makasitomala. Chimanga amagula pamsika womwewo, pa mtengo womwewo. Kugwa kwa kwacha kunagwera tonse, ndiye pamafunika kugawana katunduyo. Notisi ya amalume ikusenzetsa munthu mmodzi mtolo wonse wa zaka zitatu pa tsiku limodzi.

Ndipo zaka zitatuzo, anachita ulesi ndani? Ndife. Amayi ankachita manyazi kukakamba za lendi ndi munthu amene anagona pasiwa ya amuna awo. Chaka chilichonse ankati tiona chaka chamawa. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo manyazi amenewa ndi amene amabereka nkhanza pambuyo pake. Munthu amakhala chete zaka zitatu, mkwiyo ukudzadza pang'onopang'ono, wa lendi osadziwa kalikonse, akupereka moni wansangala m'mawa uliwonse. Tsiku lina mwini nyumba amangophulika ndi K40,000. Tikanati chaka chilichonse tiziwonjezera K3,000 kapena K4,000, lero lendi ikanakhala pafupi ndi K25,000, a telala akanakhala atakweza kale mtengo wa yunifolomu pang'onopang'ono, ndipo palibe akanalira. Kulakwa kwathu kwa kusalankhula sitingakulipiritse munthu wina ndi chindapusa.

Chachiwiri ndi mwezi. Amalume anabadwira pa Chiwamba, kalendala ya ndalama ya kumudzi amaidziwa kuposa ine. Ndalama ya telala imatsata nkhokwe ya mlimi. Kuyambira Meyi anthu akagulitsa soya, mtedza ndi fodya, kumabwera zinkhoswe, maukwati, ziliza ndi mayunifolomu a makwaya. Sepitembala ndi wa yunifolomu za sukulu. Disembala ndi wa zovala za Khirisimasi. Ikafika Januwale makina amangosoka zigamba. Febuluwale ndiye mwezi umene anthu amadya kamodzi, akuyenda maganyu opalira m'minda ya ena, ndiwo zili nkhwani ndi chisoso. Munthu amene wasankha 1 Febuluwale kukhala tsiku lokwezera lendi pafupifupi katatu sakupempha ndalama. Akudziwa kuti palibe. Akungofuna makiyi, koma akufuna kuti pamsika padzamveke kuti telala anatuluka yekha atalephera kulipira. Ngati tikufuna kum'thamangitsa munthu, tilimbe mtima timuuze kuti tikumuthamangitsa. Tisabisale kuseri kwa nambala.

Chachitatu ndi masamu, poti ena mwa inu nkhani za chifundo sizikukhudzani. Wogula mbewu uja adzakhala miyezi ingati? Sikelo imapachikidwa mu Epulo, ikafika Ogasiti mbewu zatha m'midzi, mnyamata wakweza matumba ake pa lole wapita ku Lilongwe. Tinene miyezi isanu. K40,000 kasanu ndi K200,000. Miyezi isanu ndi iwiri yotsalayo chipinda chidzakhala chotseka, kapena tidzayamba kunyengerera aliyense wodutsa. A telala pa K15,000 amapereka K180,000 pachaka, ndiye n'zoona kuti wa sikelo akuwaposa ndi K20,000. Koma a telala omwewo atati avomere K22,000, pachaka ndi K264,000. Pa K25,000 ndi K300,000. Apa sitinawerengere makoswe ndi anankafumbwe obwera ndi matumba, simenti yosweka ndi kuponyerapo katundu, ndi fungo la mankhwala osungira mbewu lolowa m'golosale ya chipinda chinacho. Sitinawerengerenso kuti munthu wongobwera akhoza kusowa usiku ali ndi ngongole ya miyezi iwiri, ndipo palibe amene akudziwa kwawo. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Wa lendi amene umadziwa mpingo wake, mkazi wake ndi sukulu ya ana ake ali ndi mtengo umene suoneka pa lisiti, ndipo mwini nyumba wanzeru amaulipira pomusiyira lendi yotsikirako kuposa ya pamsika. Kumeneko si kupusa. Amabanki amachita chimodzimodzi akamakongoza kasitomala wokhulupirika pa chiwongoladzanja chotsika.

Chachinayi ndi funso lakuti malowo anawakometsa ndani. Amalume akuti wa sikelo wakonda chipindacho chifukwa "pamabwera anthu". Pamabwera anthu chifukwa kwa zaka 12 amayi a midzi yonse yozungulira akhala akupondaponda pakhondepo kudzayeza madiresi. Wa golosale woyandikana naye amagulitsa sopo kwa anthu odikira zovala zawo. Khondelo linadziwika ndi dzina la telala, mpaka a kabaza ukawauza kuti "pa telala" safunsanso. Pansi pa simenti pamene pakopa wa sikeloyo ndi pomwe anathira a telala ndi ndalama zawo. Ndiye tikutenga thukuta la munthu, kuliika pa mtengo, n'kumuuza kuti aligule kachiwiri kapena achoke. Kukhoti mwina tingapambane, poti palibe pepala lomwe tinasainirana. Pamaso pa anthu a pamsika, amene anaona zonse, sitingapambane.

Amalume anandiyankha ndi mawu awiri omwe eni nyumba onse amawakonda. Oyamba: "Nyumba ndi yathu, tichita chomwe tikufuna." Achiwiri: "Bizinesi ilibe chibale."

Nyumba ndi yathu, inde. Koma dziko lino lili ndi mbiri yaitali ndi mawu amenewo, ndipo ife Amalawi tinali mbali ya olira. Ku mapiri a Shire, atsamunda atatenga malo, anthu okhala pa maesiteti ankalipira lendi ya malo ndi ntchito ya manja awo. Ankaitcha thangata, mawu amene kale ankatanthauza kuthandizana pakati pa anansi. Mwezi umodzi kapena iwiri ya ntchito inkatalikitsidwa monga akufunira mwini esiteti, poti buku linali m'manja mwake. Nkhanza za pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero ndi zina mwa zomwe zinadzutsa John Chilembwe pa 23 Januwale 1915. Lamulo la 1928 linalola eni maesiteti kuthamangitsa gawo limodzi mwa magawo khumi a anthu awo zaka zisanu zilizonse, ngakhale anthuwo asanalakwe, ndipo thangata anadzatha mu 1962, ufulu uli pafupi. Titadzilamulira tinapitiriza ndi kukulitsa mtundu wina: matenanti a fodya m'maesiteti a ku Kasungu, Mchinji ndi Mzimba, okongozedwa chimanga ndi feteleza pa mtengo wa bwana, n'kugulitsa fodya kwa bwana yemweyo pa mtengo wa bwana. Mabanja ambiri a m'chigawo chapakati ali ndi wachibale amene anabwerako ndi bulangete lokha. Zinatengera Nyumba ya Malamulo mpaka 2021 kuti isinthe lamulo la ntchito n'kuthetsa utenanti umenewu.

Sindikuti amayi anga ndi atsamunda, ndipo mdadada wa zipinda zinayi si Magomero. Ndikungoti timaika nkhope ya Chilembwe pa K2,000, timapuma pa 15 Januwale kumukumbukira, koma phunziro lake timalisiya m'buku la kusukulu. Phunzirolo ndi lakuti pamene mbali imodzi ili ndi malo, buku ndi mphamvu yothamangitsa, ndipo inayo ilibe kolowera, mawu akuti "tinagwirizana" amakhala opanda kanthu. A telala alowera kuti mu Febuluwale? Pa Chiwamba si pa Area 25 pomwe ungayende mizere khumi kufuna chipinda china. Zipinda zoyang'ana kumsewu n'zowerengeka. Akachoka pamenepo ataya makasitomala, ndipo akataya makasitomala ana awo atatu asiya sukulu ya pano. Mphamvu imene tili nayo pa iwo ndi yaikulu kuposa chipindacho, ndipo n'chifukwa chake tiyenera kuigwira mosamala.

Tsono za bizinesi yopanda chibale. Chabwino, ndavomera, tiyeni tichite bizinesi. Bizinesi imalemba mgwirizano. Imapereka lisiti. Denga likadontha imakonza yokha, sidikira wa lendi agule phula. Imabweza ndalama ya simenti ndi zitsulo za pawindo. Imapereka notisi ya nthawi yokwanira. Kwa zaka 12 takhala tikudya zipatso za chibale: chitseko chaulere, mlonda waulere poti a telala amagona pafupi, lendi ya miyezi itatu yoperekeratu pamene amayi anagonekedwa m'chipatala. Nthawi yonseyo palibe ananena kuti bizinesi ilibe chibale. Mawuwa atulukira lero pamene chibale chayamba kutidyera ndalama. Sitingakhale abale pa tsiku lolandira n'kusanduka kampani pa tsiku lopereka.

Pali chodandaula china cha eni nyumba chomwe ndimachimva, ndipo ndi choona. Wa lendi wakale amazolowera. Alipo ena amene akakhala zaka zisanu amayamba kuona nyumba ngati yamakolo awo. Lendi imabwera theka, theka linalo "mawa", mawa lake mpaka Pasaka. Ukafunsa amathamangira kwa a mfumu kapena kwa akulu ampingo kukanena kuti mayi uja alibe umunthu. Pa mdadada wathu womwewo tinali naye wina wotere, anachoka ndi ngongole ya miyezi isanu ndi loko yemwe. Anthu oterewa ndi amene amaumitsa mitima ya eni nyumba, ndipo amawononga dzina la anzawo okhulupirika. Koma mankhwala a wosalipira ndi kum'tulutsa chifukwa cha kusalipirako, poyera, pali mboni. Kulanga wolipira bwino chifukwa cha wakuba wa chipinda china n'kuphunzitsa aliyense pamsika kuti kukhulupirika kulibe phindu.

Ndibwere kwa ife ophunzira, chifukwa ambiri owerenga pano ndinu anzanga. Ku Chikanda timagona anayi m'chipinda chomangidwira munthu mmodzi, aliyense kulipira payekha. Semesita ikamayamba landilodi amangotumiza uthenga pa WhatsApp kuti lendi yakwera, wosafuna achoke pali ena akudikira. Timatukwana m'magulu, timalemba pa Facebook za umbombo, ena mpaka kutchula Karl Marx. Holide ikafika timakwera minibasi, kufika kwathu n'kupeza makolo ali ndi kanyumba ka lendi komwe mukukhala mphunzitsi wa pulayimale kapena mlangizi wa zaumoyo, ndipo ife tomwe timayamba: "Amayi, mukugona. M'tauni nyumba ngati iyi ndi K80,000." Ndawamva anzanga akudzitama kuti anakawatsegula m'maso makolo awo. Ukali wathu pa alandilodi umathera pa depoti ya ku Zomba. Zimene zikutipweteka si kupanda chilungamo, n'zakuti ife ndi amene tili pansi. Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe, koma ife tachiona kale pa thupi lathu ndipo tikufunabe kukachichitira wina.

Mayiko ena nkhaniyi sanaisiye m'manja mwa mtima wa mwini nyumba. Ku Germany, komwe anthu pafupifupi theka amakhala m'nyumba za lendi, lamulo sililola kukwezera wa lendi amene ali kale m'nyumba kupitirira 20 peresenti pa zaka zitatu, ndipo m'mizinda yothinana ngati Berlin malire ake ndi 15 peresenti. Ku South Africa, komwe abale athu ambiri akuchita lendi, lamulo la 1999 linakhazikitsa mabwalo apadera m'zigawo omwe wa lendi kapena mwini nyumba angakadandauleko kwaulere. Sindikuti titengere manambala a ku Germany, poti kwawo mitengo sikwera ndi 30 peresenti pachaka, ndipo malire otero kuno angaphe eni nyumba. Chofunika kutengapo ndi mfundo yake, yakuti munthu amene ali kale m'nyumba sapikisana ndi wongobwera ngati mabelo awiri. Kuno kwathu okhala m'nyumba za Malawi Housing Corporation, yomwe inakhazikitsidwa mu 1964, lendi ikakwera amamveka m'nyuzipepala ndi pa wailesi. Telala wa pa Chiwamba, mphunzitsi wa ku Mpingu, namwino wochita lendi ku Namitete, iwowa sadzamveka pa wailesi iliyonse. Mlandu wawo ukakula umathera pabwalo la a mfumu kapena kwa komiti ya msika. Ndiye malamulo ake tiyenera kudziikira tokha, ndipo sakufuna loya.

Mwini nyumba azikweza chaka chilichonse, pang'ono, kusiyana n'kukhala chete zaka zitatu. Azikweza mu Juni kapena Julayi anthu atakolola, ndipo azinena miyezi itatu isanakwane. Pakhale kope la K500 lomwe onse awiri azisainamo mwezi uliwonse, ndipo chilichonse chimene wa lendi wakonza ndi chilolezo chilembedwe n'kuchotsedwa pa lendi. Mtengo ukambidwe pamaso, pali mboni imodzi mbali iliyonse, osati kudzera pa pepala lolowetsa pansi pa chitseko. Ngati lendi inatsalira kwambiri, monga yathuyi, ikwere m'magawo awiri kapena atatu mpaka ifike pabwino. Wongobwera alipire mtengo wa pamsika, wakale atsikirepo, ndipo auzidwe kuti watsikirapo chifukwa cha mbiri yake, kuti nayenso adziwe kuti ikawonongeka mwayiwo utha. Ndipo wa lendi naye asadikire kufunsidwa. Ngati ukuona kuti shuga wakwera katatu lendi ili pomwepo, dziwa kuti mwini nyumba akukusenza, pita wekha ukayambe nkhaniyo usanaione pa notisi.

Ndinauza amayi zonsezi usiku, amalume atapita. Anamvetsera osayankha, akusenda mtedza wa mbewu. Kenako anandifunsa funso limodzi: "Nanga iweyo ku sukuluko udya chiyani?" Ndinalibe yankho labwino. Kusiyana kwa K40,000 ndi K22,000 ndi K18,000 pamwezi, ndipo ku Zomba ndalama imeneyo ndi matemba, makala ndi bandulo ya intaneti ya sabata ziwiri. Ndinawaonetsa masamu a chaka chonse aja, koma ndikudziwa kuti masamu a chaka sakhutitsa munthu mu Epulo pamene ya wa sikelo ikanakhala ikulowa.

Kwathu amalume ndi mwini mbumba, ndipo mawu awo salumphidwa chisawawa. Bambo anamanga pa malo a kuchikazi, choncho amalume akamalankhula za mdadadawo sakulowerera za eni. Amandilipirirako thiransipoti, ndipo pochoka tsiku lija anandiuza kuti: "Iwe mwana wa sukulu, ndalama ikakuthera kumeneko udzaimbire telala wakoyo." Mwina adzachitadi zimenezo, foni yanga osaiyankha. Ndawalemekeza moyo wanga wonse ndipo ndipitiriza, koma pepala lija sindilemba, m'Chingerezi kapena m'Chichewa.

Mmawa wa tsiku lomwe ndimabwerera, amayi anavala chitenje chawo cha kutchalitchi n'kupita okha kumsika. Anakakhala pa benchi ya makasitomala pafupifupi ola lathunthu. Atabwerako anangoti a telala anena kuti nawonso akhala akuchita manyazi, amadziwa kuti K15,000 inachepa kalekale, ndipo apempha kuti zikambidwe soya akalowa pamsika. Za mtengo sanagwirizane, amayi akufuna K25,000, a telala akuti K20,000. Amalume sanauzidwebe. Ine ndasiya kope latsopano pa tebulo, ndalemba mizere ya miyezi 12 ndi malo osainira anthu awiri.